Ku Taiwan tiyi amayenda ndi dzina la mlimi

Awa ndi mawu amene mlimi wina wa tiyi wa ku Mulanje anayankhula pa msonkhano wa alimi ndi amisiri a ntchito zamanja mu mzinda wa Blantyre, pofotokoza za ulendo wake wa ku Taiwan. Tawasindikiza monga momwe anawayankhulira.

 

Ndiyambe ndi kudziulula kuti mudziwe amene akuyankhula nanu. Ine ndinabadwira m'malaini a pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Mayi anga anathyola tiyi zaka zoposa 30, dengu lili kumsana, pamvula ndi padzuwa, ndipo zimene ankazidziwa bwino ndi sikelo ndi kapitawo. Masamba akangokwera thirakitala kupita ku fakitale, nkhani yawo inkathera pomwepo. Anamwalira asakudziwa kuti tiyi wawo ankamwedwa kuti, ndiponso kuti ankagulidwa ndalama zingati. Ine ndinachoka m'dziko muno m'zaka zovuta zija, monganso ena mwa inu, ndipo nditabwera mu 1994 ndinabwerera ku mbewu yomwe ija. Lero ndili ndi kamunda ka tiyi kosakwana hekitala imodzi ku Mulanje. Tsono pamene anandisankha kukhala m'gulu la alimi ndi amisiri lopita ku Taiwan mu Epulo 2023, pa ulendo wa masabata atatu wokaonetsana chikhalidwe, ndinanyamuka ndi mtima wa mphunzitsi. Ndinkati, za tiyi angakandiuze chiyani ine mwana wa m'tiyi? Ndikuuzeni mosabisa, ndinabwerako ndili mwana wa sukulu.

Taiwan ndi chilumba chimene kukula kwake sikufika gawo limodzi mwa magawo atatu a Malawi, koma pali anthu pafupifupi 23 miliyoni. Pakati ponse pa chilumbacho ndi mapiri okhaokha, ndipo lalitali kuposa onse, Yushan, limafika mamita 3,952, kusiya Sapitwa wathu wa mamita 3,002 pansi. Eni ake amati chilumba chawo chinaumbika ngati mbatata, ndipo ena amadzitcha ana a mbatata. Si anthu achilendo kwenikweni kwa ife. Dziko lino linali pa ubale wa ukazembe ndi Taiwan kuyambira 1966 mpaka pamene boma linalengeza, mu Januwale 2008, kuti lasankha ubale ndi dziko la China. Chipatala chachikulu cha Mzuzu anatimangira ndi iwowa, ndipo akuluakulu amene analima mpunga wothirira amawakumbukira alangizi awo. Za maboma ndizisiye pomwepa. Ine ndinapita kwa alimi.

Masiku khumi a ulendowu ndinakhala m'nyumba ya banja lina ku Lugu, m'chigawo cha Nantou, kwawo kwa tiyi wotchuka wotchedwa Dong Ding. Mawu oyamba amene gogo wa pakhomopo anandiuza, wotanthauzira wathu anawamasulira kuti, "Mwadya?" Ndinayamba kulongosola zimene ndinadya m'basi, anthu n'kuseka. Kumeneko "Mwadya?" ndiye moni, ngati mmene ife timanenera kuti "Mwaswera bwanji?" Koma ngakhale uli moni chabe, mbale inabwerabe. Kudya kwa kumeneko mbale za ndiwo zimakhala pakati, aliyense ndi kambale kake ka mpunga, ndipo mwini nyumba amakutapira yekha ndiwo yabwino n'kukuikira. Ukamaliza zonse msanga amawonjezera. Ndinaphunzira kudya pang'onopang'ono.

M'njira za kumapiri ndinaonanso chinthu chimene chinandikhudza. Pena pa khonde la kachisi kapena pa mphambano umapeza ketulo yaikulu ya tiyi ndi makapu, palibe wogulitsa, palibe wolondera. Mwambowu amautcha feng cha, kutanthauza kupereka tiyi mwaulemu, ndipo unayamba kale anthu akuyenda pansi ndi akatundu pamapewa. Wina amadzuka m'mamawa, kuphika tiyi, kukamuika panjira, osadziwa amene adzamwe. Ena a ife m'chipinda muno tinakhalapo m'mayiko a eni tilibe ngakhale mphasa, ndipo timadziwa kulemera kwa kapu ya madzi yochokera kwa munthu amene sanakufunse dzina. Ndinaima pa ketulo ija nthawi yaitali ndithu.

Tsiku loyamba lomwelo ndinachita manyazi. Pakhomo pa mlimi aliyense pamakhala tebulo la tiyi, ndipo mlendo sayamba nkhani asanakhale pamenepo. Bambo a nyumbayo anatenga katipoti kadothi kochepa ngati chibakera, n'kuikamo timibulu ta masamba ouma, n'kuthira madzi otentha, nthawi yomweyo n'kuwatsanulira m'timakapu tating'ono ngati chigoba cha dzira. Ine ludzu litandigwira ndinatola kanga n'kugugudiza. Kunangoti zii. Madzi oyambawo si akumwa ayi, ndi otsukira masamba ndi kutenthetsera makapu. Safunsa anadya phula. Koma tamvani zimene anachita bamboyo: anatola kapu yake nayenso n'kumwa madzi omwewo, kenaka n'kugwedeza mutu ngati akoma. Anachita zimenezi kuti manyazi asakhale anga ndekha. Pambuyo pake ndinafunsa shuga ndi mkaka. Sananene kanthu, koma m'mawa mwake ndinapeza mayi a nyumbayo aika kambale ka shuga pamalo panga. Pofika tsiku lachinayi ndinali nditasiya kukakhudza, chifukwa lilime linali litayamba kumva zimene shuga amabisa. Masamba omwewo amawathira madzi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo kapu iliyonse imakoma mosiyana ndi inzake.

Inali nyengo yokolola, choncho ndinapempha kulowa m'munda. Apa ndiye ndinati ndiwaonetse. Ndinathyola mwaliwiro monga ndinaphunzirira kwa mayi anga, kudzaza chikhatho kenaka kuponya m'dengu. Mayi wina wachikulire anandigwira dzanja, n'kulitambasula, n'kundionetsa masamba anga atatekedzeka. Kwathu kuno zimenezo sizidetsa nkhawa kwenikweni, poti makina a ku fakitale amakadula masamba onse tizidutswa. Kumeneko tsamba liyenera kufika lathunthu, chifukwa likavulala limayamba kufiira nthawi yake isanakwane. Amayi ena amamangirira kalumo kakang'ono ku chala kuti phesi liduke bwino. Liwiro langa lonse lija linali kuwononga tiyi wa eni ake.

Chimene chinandidabwitsa koposa chinachitika madzulo. Ndinkayembekeza thirakitala yodzatenga masamba, koma siinabwere. Fakitale inali kuseri kwa nyumba yomweyo, chipinda chachikulu ngati kalasi ya sukulu. Masamba anawayanika kaye padzuwa kuti afote, kenaka anawalowetsa m'nyumba pa malichero akuluakulu a nsungwi. Usiku wonse bamboyo ndi mwana wake ankadzuka kukawatembenuza ndi kuwagwedeza, uku akununkhiza. Akudikira kuti fungo la msipu lichoke, libwere la maluwa. Tiyi ameneyu, amene amamutcha oolong, ali pakati pa tiyi wobiriwira ndi tiyi wakuda ngati wathuyu: masamba amafiira m'mphepete mokha, pakati n'kukhalabe obiriwira. Fungo litafika pamene ankalifuna, cha m'mbandakucha, anawaponya mu mgolo wamoto wozungulira kuti kufiira kulekere pomwepo. Tsiku lotsatira linali lomanga masamba mu nsalu ngati mpira, kuwafinya pa makina, kumasula, kuwatenthetsa, kumanganso, mobwerezabwereza mpaka tsamba lililonse litapindika kukhala kambulu. Pomaliza amawawamba pamoto wochepa, ena pa makala. Makilogalamu anayi kapena asanu a masamba aawisi ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi.

Tiyi uja atatha, anamuika m'mapaketi olembedwa dzina la banjalo, dzina la phiri, ndi nyengo imene anathyoledwa. Ogula amabwera pa galimoto kuchokera m'mizinda, amakhala pa tebulo lija, amalawa, n'kumvana mtengo ndi munthu amene anagona maso chifukwa cha tiyiyo. Bungwe la alimi a ku Lugu limachititsanso mpikisano wa tiyi kuyambira 1976. Alimi amatumiza tiyi wawo, mayina amabisidwa n'kuikapo manambala, akatswiri amalawa, ndipo wopambana amagulitsa tiyi wake pa mtengo wokwera kangapo kuposa wa masiku onse. Chikwangwani cha mphotho amachipachika m'nyumba ngati satifiketi ya mwana.

Ndinafunsa gogo wamwamuna wa pakhomopo ngati zinthu zinali choncho chiyambire. Anakana. Tiyi wa ku Taiwan anatchuka kunja kuyambira 1869, pamene wamalonda wa ku Britain, John Dodd, anatumiza tiyi ku New York pa dzina la Formosa Oolong, ndipo kwa zaka zambiri phindu linkatsalira kwa amalonda a m'tauni ndi eni mafakitale. Alimi ambiri pachilumbapo ankalima minda ya eni, n'kumapereka theka la zokolola kapena kuposa. Ife a kum'mwera kuno, amene makolo athu anadziwa thangata, nkhani yotere sitifuna womasulira. Zinthu zinasintha ndi malamulo. Mu 1949 boma linalamula kuti lendi ya munda isapitirire 37.5 peresenti ya zokolola. Mu 1951 linayamba kugulitsa minda ya boma kwa oilima. Mu 1953 linakhazikitsa lamulo lakuti munda ukhale wa woulima: mwini malo ankatsala ndi mahekitala pafupifupi atatu a munda wa mpunga, otsalawo boma linkagula n'kugulitsa kwa alimi, iwo n'kumalipira pang'onopang'ono kwa zaka khumi. Eni malo aja analipidwa, mbali ina ndi masheya a m'makampani a boma. Kenaka mu 1982 boma linachotsa malamulo amene ankachititsa kuti kupanga tiyi kukhale kwa mafakitale a ziphaso okha. Kuyambira pamenepo mlimi anayamba kulima yekha, kupanga yekha, ndi kugulitsa yekha.

Pano ndinene chilungamo, poti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Boma limene linagawa minda ija linali la chipani chimodzi, ndipo linalamulira ndi malamulo a usilikali kuyambira 1949 mpaka 1987, anthu ambiri n'kumangidwa ndi kuphedwa chifukwa cha maganizo awo. Anthu a ku Taiwan anadzasankha okha pulezidenti koyamba mu 1996, patapita zaka ziwiri ife titavota mu 1994. Gogo uja atamva mbiri yanga anangondigwira phewa, osanena zambiri. Tinamvana. Lero nawonso ali ndi mavuto awo. Alimi akukalamba, ana ambiri ali m'mizinda, ndipo othyola ena ndi ochokera ku mayiko ngati Vietnam, amene dzina lawo silikhala pa paketi, monganso la mayi anga. Tiyi wochuluka amene amamwedwa pachilumbapo ndi woitanitsa kunja, ndipo pali akamberembere amene amamusakaniza n'kumugulitsa ngati wa m'mapiri awo. Minda ya m'malo otsetsereka imagumuka kukabwera namondwe, zimene ife a ku Mulanje tinali titangoziona kumene mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy.

Malo ena awiri a tiyi ndiwatchule mwachidule. Ku Beipu, m'dera la Hsinchu, kumene kuli anthu a mtundu wa Hakka, amapanga tiyi wotchedwa Oriental Beauty. Chinsinsi chake ndi kachirombo kakang'ono kobiriwira kamene kamayamwa masamba m'nyengo yotentha. Tsamba lolumidwalo limatulutsa fungo ngati la uchi, kotero mlimi sapopera mankhwala, amakasiya kachiromboko kuti kamugwirire ntchito. Ku Yuchi, pafupi ndi nyanja ya Sun Moon Lake, amalima tiyi wakuda wa mtundu wa Assam, m'bale wake wa tiyi wathu, amene anabwera m'nthawi ya ulamuliro wa Japan. Ulimi umenewu unali utalowa pansi, koma chivomerezi cha pa 21 Seputembala 1999, chimene chinapha anthu oposa 2,400, chitagwetsa midzi ya m'derali, alimi anadzukanso ndi mbewu yatsopano yotchedwa nambala 18 imene akatswiri a kafukufuku anatulutsa chaka chomwecho. Tiyi wakuda yemweyo amamupanga wa masamba athunthu, ndipo alendo amachita kumulondola komweko.

Tsopano ndilowe ku ntchito zamanja, chifukwa amisiri muli pano mukudikira. Chimene ndinaona n'chakuti tiyi amakoka ntchito zina. Malichero aja amalukidwa ndi nsungwi, ndipo tauni yoyandikana ndi Lugu dzina lake ndi Zhushan, kutanthauza phiri la nsungwi. Timatipoti ndi timakapu tambiri timaumbidwa ku Yingge, tauni ya mbiya pafupi ndi Taipei, kumene msewu wathunthu ndi wa oumba okhaokha. Ku Sanyi kuli osema ziboliboli, ndipo tauni yonse imanunkhira mtengo. Ku Meinong, kum'mwera, tinaona akupanga maambulera a nsungwi ndi pepala lopaka mafuta. Kale makolo a Chihakka ankapatsa mwana wamkazi maambulera otere pokwatiwa, chifukwa m'chiyankhulo chawo mawu akuti pepala amamveka ngati mawu akuti mwana.

Amisiri amenewa anatiuza kuti pulasitiki ndi katundu wotchipa wa m'mafakitale zinatsala pang'ono kuwamaliza, monga momwe beseni lapulasitiki likuthamangitsira dengu m'misika yathu. Amene anapulumuka anachita zinthu zitatu. Anakweza luso kuti chinthu chikhale chokongola ndi cholimba, anayamba kudinda dzina lawo pa chimene apanga, ndipo anatsegula zitseko kuti mlendo alipire pofuna kuphunzira. Boma nalo linaikapo dzanja: ku Caotun kuli likulu la kafukufuku ndi maphunziro a ntchito zamanja, limene mizu yake ili pa kalasi imene katswiri wojambula, Yen Shui-long, anayambitsa mu 1954. Ife tili ndi malo ngati KuNgoni ku Mua, tili ndi oumba ku Dedza, tili ndi osema ndi oluka m'mbali mwa misewu yathu amene luso lawo silichepa kwa wina aliyense. Koma mpando wa mfumu ukafika ku London, ndani amadziwa dzina la amene anausema?

Musaganize kuti tinangolandira osapereka. Ku Beipu anatipatsa mbale yadothi ndi kamunsi kuti tisinje tiyi pamodzi ndi mtedza ndi chitowe, chakumwa chimene amachitcha lei cha. Alendo ena manja ankawawa msanga, koma amayi a m'gulu lathu anangoseka, poti kusinja nsinjiro anayamba ali ana. Ndipo titaona kuti anthu a kumeneko amadya kholowa, amene iwo amamukazinga ndi adyo, tsiku lotsanzikana ku Lugu tinapempha khitchini. Tinaphika kholowa wotendera ndi nsima ya ufa umene tinapeza m'sitolo. Gogo wamkazi uja anaika timitengo take todyera pambali, n'kusamba m'manja, n'kutema mbamu monga tinamuonetsera. Anawonjezera kawiri. Mayi wina wa m'gulu lathu anakhala tsiku lathunthu ndi oluka a ku Zhushan akuwaonetsa mmene timamangira mkombero wa lichero, iwonso akumuonetsa mmene amang'ambira nsungwi kukhala yopyapyala ngati ulusi.

Nanga ife titengepo chiyani? Sindikunena kuti tigwetse mafakitale, ayi. Dziko lino limatulutsa tiyi woposa matani 40,000 pa chaka, kuposa Taiwan kutalitali, ndipo anthu zikwizikwi amadyera momwemo. Tiyi wathu wambiri amapita kunja m'matumba akuluakulu, wina kudzera ku okushoni ya ku Limbe, n'kukasakanizidwa ndi wa mayiko ena mpaka dzina la Malawi kusowa. Ife alimi ang'onoang'ono timagulitsa masamba aawisi, ndipo tsamba likathyoledwa silidikira, choncho mtengo umene wanenedwa ndi womwewo. Sindikunenanso kuti tingokopera za eni. Anzathuwo ali ndi ogula a m'dziko mwawo amene ali ndi ndalama, pamene kuno ambiri tiyi timamwera shuga.

Koma zitatu izi tingathe. Choyamba, makalabu athu apatule gawo laling'ono la masamba, ngakhale dengu limodzi pa khumi, tiphunzire kupanga tokha tiyi wa masamba athunthu. Alipo kale ena ku Thyolo amene akupanga tiyi wotere ndipo akupeza ogula kunja, ndiponso akatswiri a kafukufuku wa tiyi tili nawo pa Mimosa pompa. Mutu umodzi susenza denga: makina amene banja limodzi la ku Lugu limagula lokha, ife tingagule ngati kalabu. Chachiwiri, tiyambitse mpikisano wathu wolawa tiyi, mayina obisika, oweruza osakondera, kuti mlimi adziwe kuti kusamala kuli ndi mphotho. Chachitatu, chilichonse chotuluka m'manja mwathu, kaya ndi paketi ya tiyi, lichero kapena mtondo, chizikhala ndi dzina la wochipanga ndi mudzi wake. Ndipo inu a m'tauni, inu amene munayenda mayiko n'kuona zinthu, mbali yanu ndi yogula. Mlendo akabwera kwanu, mum'patse tiyi amene mungathe kutchula phiri lake. Za malo ndi malamulo ake ndi nkhani ya aphungu athu, ndipo tiziwafunsa, chifukwa zimene ndinaona ku Lugu zinayamba ndi munda umene mlimi amautcha wake.

Mwana wanga wamwamuna anandiuza kale kuti kamunda kanga sadzakalima, akuti tiyi ndi ukapolo. Sindinamutsutse, poti anaona manja a agogo ake. Nditabwerako ndinamuonetsa paketi imene banja lija linandipatsa potsanzikana, ataipereka ndi manja awiri. Anaitembenuza, n'kufunsa kuti zolembedwazo zikuti chiyani. Ndinati ndi dzina la mlimi. Sanayankhe, koma mwezi wotsatira ndi iye amene anandigwirira nyali usiku pamene ndinkayesa kukazinga masamba anga m'chiwaya.

A Wapampando, nthawi yanga yatha. Kumbuyo uko kuli maketulo awiri. Ina muli tiyi wa ku Lugu amene anzathu aja anatitumizira, inayo muli wanga wa m'chiwaya, amene akadali wowawirako ndipo akumveka utsi pang'ono. Pa kapepala kali pambali pake ndalembapo dzina la mayi anga. Lawani onse awiri, ndipo ndikupempheni kuti kapu yoyamba mumwe yopanda shuga, kenaka mundiuze zoona.